Katundu wochepa, ndalama yotumizira yochuluka: kodi timalipira chiyani kwenikweni?

Wokonza mawotchi:
Akuluakulu nonse, ndabwera ndi funso limene landisowetsa mtendere kuyambira dzulo. Ntchito yanga ndi yokonza mawotchi, ndipo nthawi zina ndimaitanitsa pa intaneti tizipangizo tating'onoting'ono, monga timasipuling'i ndi timphira totchinga madzi kuti asalowe mu wotchi. Dzulo ndinapeza timphira khumi timene ndinkafuna, tonse pamodzi tosalemera kuposa kandalama kachitsulo kamodzi, ndipo mtengo wake unali wabwino ndithu. Koma nditafika polipira, ndinapeza kuti ndalama yotumizira ndi yochuluka kasanu ndi kawiri kuposa mtengo wa timphirato. Ndinayesa kwa wogulitsa wina, ndipo ngakhale kumeneko kunali kotsikirapo, nkhani inali yomweyo. Chimene chinandizunguza mutu kwambiri n'chakuti nditayesa kuwonjezera timphirato kufika pa 100, ndalama yotumizira sinasinthe ngakhale pang'ono. Kodi ndalama imeneyi imapita kuti? Ndi ogulitsa amene akubisa phindu lawo mmenemu, kapena pali zifukwa zenizeni zimene ife ogula sitiziona?

Wogula kawirikawiri:
Achimwene, musadzivutitse ndi kufufuza zambiri, chifukwa nkhaniyi ndi yodziwikiratu. Wogulitsa amatsitsa mtengo wa katundu kuti aonekere pamwamba mukamasaka zotchipa, kenaka zimene wachotsa kumeneko amakazibweza pa ndalama yotumizira, podziwa kuti munthu amene wafika kale polipira sabwerera m'mbuyo msanga. Ine ndakhala ndikugula zinthu pa intaneti kwa zaka zambiri ndipo ndaziona kambirimbiri.

Mayi wogulitsa mikanda:
Bambo, ndiloleni ndiyankhe monga mmodzi wa anthu amene mukuwanenawo, chifukwa ine ndimagulitsa ndolo ndi zibangili za mikanda pa intaneti ndipo mawu ngati anuwa ndimawamva pafupifupi sabata iliyonse. Sindikana kuti alipo ogulitsa ochenjera, ndipo pamenepo ndidzabwererapo, koma ndikufuna muone kaye zimene zimachitika patebulo langa munthu akagula ndolo ziwiri zokha. Ndimatenga ndolozo, n'kuziyang'ana ngati palibe mkanda wosweka, n'kuzikulunga m'kapepala kofewa, n'kuziika m'kathumba, kenaka mu envelopu yokhala ndi zofewetsa m'kati. Ndimalemba adiresi pa kompyuta, n'kusindikiza lebulo, n'kumata ndi tepi, ndipo ngati phukusilo likutuluka m'dziko ndimadzazanso fomu ya kasitomu. Mawa lake ndimanyamuka kukaima pamzere. Zonsezi zimanditengera nthawi yofanana, kaya mu envelopumo muli ndolo ziwiri kaya makumi awiri. Envelopu ndi imodzi, lebulo ndi imodzi, mzere ndi womwewo.

Pali chinanso chimene ogula sachiona konse. Makampani amene amatilandirira ndalama za pa khadi sangotenga peresenti yokha, amatenganso kandalama kokhazikika pa malonda alionse. Mwachitsanzo, ku United States kampani ya Stripe imatenga 2.9 peresenti kuphatikizapo masenti 30 nthawi iliyonse munthu akalipira. Pa katundu wa madola 100, masenti 30 amenewo sapweteka, koma pa katundu wa madola awiri, masenti omwewo adya kale 15 peresenti ya ndalama yonse, peresenti inayo isanachotsedwe n'komwe. Ndiye inu a mawotchi, mwadabwa kuti mtengo sunasinthe mutawonjezera timphira, koma kwa ine chimenecho ndicho chikusonyeza kuti wogulitsa wanuyo sakunama. Simukulipirira timphira, mukulipirira phukusi.

Wakale wa zamtengatenga:
Mayi anena zoona, ndipo ine ndipitiriza pamene alekezera, pakuti ndinagwira ntchito zaka zingapo ku kampani yonyamula maphukusi, poyamba m'nyumba yosankhira katundu, kenaka pagalimoto. Anthu ambiri amaganiza kuti ndalama yotumizira imatsatira kutalika kwa ulendo ndi kulemera kwa katundu. Zimenezo zimawerengedwa ndithu, koma pa phukusi laling'ono sindizo zazikulu. Chimene chimadya ndalama ndi kuchuluka kwa manja amene aligwire. Pali wolitenga kwa wogulitsa, wolilemba m'kompyuta, wolisankha kuti lipite kumene likuyenera, wolikweza m'galimoto yaikulu kapena m'ndege, wolitsitsa, wolisankhanso kachiwiri, ndi wolipereka pakhomo. Envelopu ya magalamu 20 imadutsa m'manja onsewa mofanana ndi katoni ya makilogalamu asanu. N'chifukwa chake mukayang'ana mndandanda wa mitengo ya makampaniwa mudzaona kuti theka loyamba la kilogalamu ndilo lodula kwambiri, pamene theka lililonse lowonjezerapo limangokwera pang'ono.

Pa ulendo wonsewo, gawo lopweteka kwambiri ndi lomaliza, kuchoka kudepoti kufika pakhomo la wogula. M'ndege kapena m'kontena phukusi lanu limagawana mtengo wa ulendo ndi maphukusi ena zikwizikwi, koma pamapeto pake dalaivala mmodzi ayenera kuimika galimoto, kutsika, kufunafuna nyumba ndi kugogoda chifukwa cha inu nokha. Ndimakumbukira tsiku lina ndili ndi kaenvelopu kamene ndikanatha kukaika m'thumba la malaya. Adiresi inali yosakwanira, foni ya mwiniwake inali yozimitsa, ndipo ndinazungulira mumsewu umodzi katatu mpaka ndinabwerera nako kudepoti. Mawa lake ndinapitanso, ndipo mwiniwakeyo ndinamupeza atachoka. Kanaperekedwa pa ulendo wachitatu. Mafuta ndi nthawi zimene zinapita pa kaenvelopu kameneko zinaposa kutali zimene wotumiza analipira, ndipo kampani imadziwa kuti zotere zimachitika tsiku ndi tsiku, choncho imaziwerengera kale mu mtengo wa aliyense.

Wokonza mawotchi:
Zikomo kwambiri, Bambo ndi Mayi. Izi ndazimva, koma pali chinthu chimodzi chimene sichikulowabe m'mutu mwanga. Chaka chatha ndinaitanitsa kachipangizo kotsegulira mawotchi, kolemera mwina magalamu 200, ndipo kanabwera m'bokosi loti mungaikemo nsapato, lodzaza ndi mapepala. Pa lisiti analembapo kuti ndalipirira makilogalamu awiri. Ndinaganiza kuti sikelo yawo inali yolakwika.

Wakale wa zamtengatenga:
Sikelo sinalakwe, achimwene, kungoti sanagwiritse ntchito sikelo yokha. Malo m'ndege ndi m'galimoto amatha msanga kulemera kusanafike pamlingo wake, choncho makampani amayeza zinthu ziwiri, kulemera kwenikweni ndi kukula kwa bokosi, ndipo amakulipiritsani chimene chaposa chinzake. Kawerengedwe kake n'kosavuta. Amachulukitsa mulitali, mulifupi ndi msinkhu wa bokosi m'masentimita, kenaka n'kugawa ndi nambala yokhazikika. Makampani othamangitsa katundu pakati pa mayiko monga DHL Express amagawa ndi 5000, pamene pa katundu wamba wa m'ndege nambala yozolowereka ndi 6000. Tiyerekeze kuti bokosi lanulo linali la masentimita 30 mulitali, 20 mulifupi ndi 15 msinkhu. Mukachulukitsa mupeza 9000, ndipo mukagawa ndi 5000 mupeza makilogalamu 1.8, amene iwo amawakweza kufika pa awiri. Kachipangizo komweko kakanaikidwa mu envelopu ya masentimita 20, 15 ndi 2, kawerengedweko kakanapereka makilogalamu 0.12 okha, ndipo mukanalipirira kulemera kwake kwenikweni. Kunena mosabisa, munalipirira mpweya ndi mapepala.

Kale njira imeneyi inkakhudza makamaka katundu wa m'ndege ndi mabokosi akuluakulu, koma kuyambira cha kumayambiriro kwa 2015 makampani a FedEx ndi UPS anayamba kuigwiritsa ntchito pa maphukusi onse oyenda pamsewu ku United States, chifukwa malonda a pa intaneti anadzaza magalimoto awo ndi mabokosi opepuka koma otenga malo. Wogulitsa amene ali ndi mabokosi a saizi imodzi kapena ziwiri zokha amakulowetsani m'vuto limeneli mosafuna. Pamwamba pa zonsezi pamabwera tindalama towonjezera timene sitioneka pa mtengo woyamba: ya mafuta, imene makampani ena amaisintha sabata iliyonse ndipo ena mwezi uliwonse, ya kumalo akutali ndi depoti, ya nyengo ya Khirisimasi pamene maphukusi amachuluka, ndiponso ya kukonza adiresi yolakwika.

Wophunzira:
Pepani akuluakulu, ndilowererepo ndi funso. Ngati zonse zimene mwafotokozazi n'zoona, zinkatheka bwanji kuti zaka zapitazo munthu agule kachingwe ka foni kuchokera ku China pa dola imodzi, n'kutumiziridwa kwaulere? Manja ogwira phukusi anali omwewo, ndipo ulendo wake unali wautali kuposa wa wogulitsa wa m'dziko lomwelo.

Wopuma ntchito ku positi:
Mwana wanga, funso lako ndi labwino kwambiri, ndipo yankho lake lili m'mbiri imene anthu ambiri saidziwa, choncho undilole nditalikitseko pang'ono. Mapositi a mayiko amagwirizana kudzera m'bungwe la Universal Postal Union, limene linakhazikitsidwa mu 1874 mumzinda wa Bern ku Switzerland, ndipo lero lili ndi mayiko 192. Pachiyambi mgwirizano unali wakuti dziko lotumiza lizisunga ndalama yonse ya sitampa, ndipo dziko lolandira lizipereka kalatayo kwa mwiniwake popanda kulipidwa. Maganizo ake anali akuti kalata iliyonse imayankhidwa, motero zimene wagwirira mnzako lero, iyenso adzakugwirira mawa. Patapita nthawi zinaoneka kuti mayiko ena amalandira makalata ambiri kuposa amene amatumiza, ndipo mu 1969 anagwirizana zoti positi yotumiza izilipira positi yolandira kandalama kothandizira ntchito yokapereka.

Kandalama kameneka sikanali kofanana kwa onse. Mayiko amene ankawerengedwa kuti akutukuka kumene ankalipira zochepa, ndipo China inali m'gulu limenelo. Pa nthawi ya makalata zimenezi sizinkavutitsa aliyense. Koma malamulo a positi amalola kuti kaphukusi kosapitirira makilogalamu awiri kayende m'gulu la makalata, ndipo malonda a pa intaneti atakula, timaphukusi mamiliyoni ambiri tinayamba kuyenda pa mitengo imene inakonzedwera makalata. Zotsatira zake zinali zakuti kutumiza kachingwe kuchokera mumzinda wa Shenzhen ku China kupita ku New York nthawi zina kunkatchipa kuposa kukatumiza kuchokera mumzinda wina wa ku America komweko. Gawo lomaliza lija, limene a zamtengatenga anena kuti ndilo lodula, linkasenzedwa ndi positi ya dziko lolandira, kutanthauza kuti ankalipira ndi anthu ena ogwiritsa ntchito positiyo.

Mu Okutobala 2018 boma la United States linalengeza kuti lituluka m'bungweli ngati zinthu sizisintha. Mu Seputembala 2019 mayiko anakumana pa msonkhano wapadera ku Geneva, ndipo anagwirizana kuti mapositi ayambe kudziikira okha mitengo yokaperekera timaphukusi tochokera kunja. United States inayamba mu Julayi 2020, ndipo mayiko ena anayamba kukweza pang'onopang'ono kuchokera mu 2021. Ndiye kachingwe kako kaja sikanayende kwaulere. Winawake anakalipirira, kungoti sanali iwe, ndipo ife amene tinazolowera mitengo ya nthawi imeneyo timaona ngati ya lero ndi yakuba, pamene mwina ya nthawi ijayo ndiyo inali yachilendo.

Wophunzira:
Zikomo kwambiri, Bambo. Komabe mpaka lero makampani monga Temu ndi Shein amatumiza tinthu totchipa pa ndalama yochepa kapena kwaulere. Kodi iwo akudutsira pati?

Wakale wa zamtengatenga:
Iwo mphamvu yawo ndi kuchuluka kwa katundu. Amasonkhanitsa maoda ambirimbiri m'nyumba zawo zosungiramo katundu, n'kudzaza ndege zathunthu, ndipo akafika m'dziko la ogula amapereka maphukusiwo kwa makampani a komweko pa mitengo imene anakambirana kale. Kampani yotumiza maphukusi mamiliyoni imapatsidwa mtengo umene Mayi wogulitsa mikanda sangauone ngakhale kumaloto, chifukwa iwo amalipira mtengo wa pakauntala. Taonaninso kuti kawirikawiri makampani amenewa amaika malire a ndalama imene muyenera kugulira kuti akutumizireni, ndipo amagwiritsa ntchito timatumba tapulasitiki m'malo mwa mabokosi. Zonsezi ndi njira zothawira vuto lomwe tikukambiranali.

Wothandiza za kasitomu:
Ndakhala ndikuwerenga mwachidwi, ndipo ndikuona kuti mbali ya malire a mayiko sinakhudzidwe mokwanira. Ntchito yanga ndi yothandiza anthu kuombola katundu ku kasitomu, ndipo ndikuuzeni kuti pepala silidziwa kukula kwa phukusi. Katundu aliyense wodutsa malire ayenera kufotokozedwa kuti ndi chiyani, wapangidwa kuti, ndi wa ndalama zingati, ndipo ali m'gulu liti pa mndandanda wa magulu a katundu umene bungwe la World Customs Organization limayang'anira, womwe unayamba kugwira ntchito mu 1988. Kulemba zimenezi pa timphira khumi ndi ntchito yofanana ndi kulemba pa katoni yodzaza.

Kwa zaka zambiri mayiko ankangotseka maso pa katundu wotsika mtengo, poona kuti ndalama yotolera msonkhowo ingapose msonkho weniweniwo. Koma timaphukusi titachuluka, maboma anayamba kutseka mpata umenewu mmodzimmodzi. Australia inayamba kutolera msonkho wa 10 peresenti pa katundu wotsika mtengo wochokera kunja pa 1 Julayi 2018. United Kingdom inachotsa chikhululuko cha msonkho pa katundu wa mtengo wosapitirira mapaundi 15 pa 1 Januwale 2021. European Union inachotsa chikhululuko cha VAT pa katundu wosapitirira mayuro 22 pa 1 Julayi 2021, ndipo kuyambira pamenepo ngakhale kanthu ka yuro imodzi kamalipiridwa msonkho. United States, imene mu 2016 inakweza malire ake kuchoka pa madola 200 kufika pa 800, inathetsa chikhululukocho pa katundu wochokera ku China ndi Hong Kong pa 2 Meyi 2025, kenaka pa katundu wochokera kumayiko onse pa 29 Ogasiti 2025. Masiku amenewo mapositi a mayiko ambiri anayamba aimitsa kaye kutumiza maphukusi ku America chifukwa njira yotolerera msonkhowo inali isanakonzeke bwino.

Chimene chimapweteka ogula kwambiri si msonkho weniweniwo, koma ndalama imene kampani yonyamula imalipiritsa chifukwa chokulipirirani msonkhowo ndi kukulemberani mapepala. Ndalama imeneyi kawirikawiri imakhala ndi mlingo wotsikitsitsa wosasintha, kotero kuti pa katundu wochepa imatha kuposa msonkho umene yabwera kudzatolera. Ogulitsa ena, pofuna kuti wogula asadzidzimuke phukusi likafika, amalipiriratu zonsezi n'kuziphatikiza mu ndalama yotumizira. Choncho a mawotchi, musanaweruze, yang'anani ngati mtengo umene anakuuzaniwo ukuphatikizapo msonkho kapena ayi, chifukwa wogulitsa wooneka wotchipa akhoza kukhala amene wakusiyirani ngongole pakhomo.

Wogula kawirikawiri:
Zonsezi ndazimva, ndipo zina ndaphunzirapo, makamaka za mbiri ya positi. Koma sindinasinthe maganizo kwathunthu. Ngati kutumiza n'kodula chonchi, bwanji kampani yogulitsa pa intaneti ya Amazon imatha kutumiza kwaulere? Ndipo Mayi munalonjeza kuti mubwereranso pa nkhani ya ogulitsa ochenjera, koma mpaka pano simunabwerere.

Mayi wogulitsa mikanda:
Sindinaiwale, Bambo, ndinkadikira kuti akuluakulu amalize. Zimene munanena zinkachitikadi, ndipo chifukwa chake chinali chodziwika. Kale misika ya pa intaneti inkadula peresenti yake pa mtengo wa katundu wokha, osakhudza ndalama yotumizira. Wogulitsa wochenjera ankalemba katundu pa mtengo wotsika kwambiri, n'kukweza ndalama yotumizira, ndipo potero ankapha mbalame ziwiri: ankaoneka wotchipa komanso ankazemba gawo la msika. Eni misika anazindikira. Kampani ya eBay inayamba kudula peresenti yake ngakhale pa ndalama yotumizira mu 2011, ndipo Etsy inachita chimodzimodzi mu Julayi 2018. Izi zinachepetsa chinyengocho, koma zinabweretsa vuto lina kwa ife osachenjerafe, chifukwa tsopano ndikalipiritsa wogula ndalama yeniyeni imene positi yandiuza, msika umadulaponso gawo lake, ndipo ndimatsala ndi yosakwanira kugulira sitampa. Kuti ndisaluze ndiyenera kuwonjezerapo pang'ono, ndipo wogula akayerekeza ndi mtengo wolembedwa pa lebulo amaganiza kuti ndamubera.

Njira yodziwira wogulitsa wachinyengo ilipo. Onjezani katundu wachiwiri wofanana ndi woyambayo, ndipo muone zimene zichitike. Ngati ndalama yotumizira yawirikiza kawiri pa tinthu tiwiri topepuka toti tingalowe mu envelopu imodzi, pamenepo pali phindu lobisika, kapena wogulitsayo sanakonze bwino sitolo yake. Ngati sinasinthe, monga zinachitikira a mawotchi, ndiye kuti mukuona mtengo weniweni wa phukusi.

Wowerengera ndalama:
Pa funso la Amazon ndiyankhe ine, poti ndi nkhani ya mabuku a ndalama. Kampani imeneyi imalemba m'malipoti ake a pachaka ndalama zimene yawononga potumiza katundu, ndipo mu 2023 zinali pafupifupi madola mabiliyoni 89.5. Ndalama yotereyi siingatchedwe yaulere. Imabwezedwa kudzera mu ndalama ya umembala wa Prime, wopatsa ogula mwayi wotumiziridwa katundu kwaulere, umene unayamba mu 2005 pa madola 79 pachaka, kudzera mu zimene ogulitsa ena amalipira kuti agulitsire pa msika wake, ndiponso kudzera mu mitengo ya katundu. Onaninso kuti kwa amene si mamembala pamakhala malire. Mu 2002 anaika kuti wogula zinthu za madola 25 kapena kuposerapo ndiye atumiziridwe kwaulere, ndipo mu 2013 anakweza malirewo kufika pa madola 35. Malire amenewa akutiuza poyera kuti ngakhale kampani yaikulu chotere imaona kuti oda yaing'ono payokha ndi yoluzitsa.

Choipa chake, m'kuona kwanga, n'chakuti mawu akuti kutumiza kwaulere anatisokoneza maganizo tonsefe. Munthu amakondwa kulipira madola 20 pa katundu wotumizidwa kwaulere, koma amakwiya akauzidwa kuti katunduyo ndi wa madola 12 ndipo kutumiza ndi madola 8, chonsecho ndalama yotuluka m'thumba ndi imodzimodzi. Wogulitsa wamng'ono amene walekanitsa ziwirizi moona mtima ndiye amaoneka wakuba. Palinso nkhani ya katundu wobwezedwa ndi wotayika panjira. Phukusi likasowa, wogulitsa ndiye amabweza ndalama kapena kutumizanso, n'chifukwa chake ambiri amakana njira yotchipa yopanda nambala yolondolera phukusi, ngakhale wogula ataifuna. Popanda nambalayo alibe umboni woti anatumiza, ndipo pa mkangano uliwonse msika umakhala kumbali ya wogula.

Wogula kawirikawiri:
Pamenepo ndiye mwandigwira, chifukwa inenso ndinabwezeredwapo ndalama kawiri pa maphukusi amene sanafike, ndipo sindinadzifunsepo kuti inachokera m'thumba la yani. Komabe ndikuumirira pa chinthu chimodzi: ogulitsa azionetsa ndalama yotumizira poyambirira, osati munthu atataya nthawi kulemba dzina ndi adiresi. Kubisa mtengo mpaka kumapeto ndiko kumatipangitsa kuganiza zoipa.

Mayi wogulitsa mikanda:
Apo ndikugwirizana nanu, ngakhale kuti nthawi zina mtengowo sungadziwike adiresi isanalembedwe, popeza umadalira kumene phukusi likupita. Koma kulemba mitengo yoyerekeza ya madera osiyanasiyana pamalo oonekera n'kotheka, ndipo ine ndinayamba kutero nditaona kuti anthu ambiri ankasiya katundu m'basiketi osalipira.

Wokonza mawotchi:
Ndifunsenso chimodzi, poti akatswiri muli pompano. Nthawi ina ndinafuna kuphatikiza mabatire a lithiamu mu oda yanga kuti phukusi likhale limodzi, koma ndalama yotumizira inalumpha kwambiri, ndipo njira ya positi inachokeratu pa mndandanda. Mabatirewo ndi aang'ono ngati mabatani a malaya.

Wakale wa zamtengatenga:
Mabatire a lithiamu ali m'gulu la katundu woopsa chifukwa akaphwanyika kapena akagundana molakwika amatha kuyaka, ndipo moto wake ndi wovuta kuzimitsa m'ndege. Bungwe loona za maulendo a ndege padziko lonse la ICAO linaletsa kunyamula mabatire a lithiamu otchajidwa, amene ali paokha, ngati katundu m'ndege za anthu kuyambira pa 1 Epulo 2016, ndipo a mtundu wosatchajidwa, monga ambiri a m'mawotchi, anali ataletsedwa kale chaka cha 2015. Izi n'zofunika chifukwa makalata ndi timaphukusi tambiri timayenda kunsi kwa ndege zonyamula anthu, kumene malo amatchipa. N'chifukwa chakenso mu 2020, ndege za anthu zitaima chifukwa cha mliri wa COVID-19, mitengo yotumizira katundu inakwera kwambiri ndipo mapositi ena analeka kulandira maphukusi opita kumayiko ena. Mukaika batire lapalokha m'phukusi, phukusi lonselo liyenera kudikira ndege ya katundu yekhayekha, kupakidwa mwapadera ndi kumatidwa zizindikiro zake. Batire limene lili kale m'kati mwa chipangizo malamulo ake ndi ofewerapo. Langizo langa n'lakuti mabatire musamawaphatikize ndi tizipangizo tina, chifukwa amakokera phukusi lonse ku njira yodula.

Wokonza mawotchi:
Ndabweranso kudzakuuzani mmene zathera. Ndinalembera wogulitsa uja n'kumufunsa ngati angaike timphirato mu envelopu n'kutumiza pa positi wamba m'malo mwa kampani yothamangitsa katundu. Anandiyankha mwaulemu kuti sitolo yake inakonzedwa kuti izisankha yokha njira yachangu pa oda iliyonse yopita kunja, chifukwa anatayapo maphukusi angapo m'mbuyomu, koma angathe kunditumizira pa positi yokhala ndi nambala yolondolera ngati ndivomera kudikira masabata atatu kapena anayi. Mtengo wake unatsika kufika pa gawo limodzi mwa magawo atatu a woyamba uja. Nditaona choncho ndinakhala pansi n'kutsegula kabuku kanga ka ntchito, n'kuwerenga tizipangizo timene ndinagwiritsa ntchito chaka chathachi, ndipo ndaitanitsa timphira ta masaizi asanu ndi limodzi, timasipuling'i ndi magalasi anayi a mawotchi, zonse mu envelopu imodzi. Mabatire ndawasiya. Mwini wotchi imene inayambitsa nkhaniyi ndamuuza kuti adikire mwezi umodzi, ndipo sanakondwe kwenikweni, koma wavomera.

Wopuma ntchito ku positi:
Mwachita bwino, achimwene, koma mulembereninso wogulitsayo asanatumize. Popeza mwaphatikizamo magalasi, mupempheni awaike pakati pa timakatoni tiwiri tolimba, chifukwa maenvelopu amadutsa m'makina osankhira amene amapanikiza, ndipo envelopu ikanenepa kupitirira muyeso wa kalata imalowa m'gulu lina la mtengo. Mumuuzenso kuti pa fomu ya CN22, imene imamatidwa pa timaphukusi tating'ono, alembe bwinobwino kuti muli timphira, timasipuling'i ndi magalasi a mawotchi, ndi mtengo weniweni wa chilichonse, osangolemba kuti zipangizo kapena mphatso. Maphukusi olembedwa mwachidule chotero ndiwo amene a kasitomu amawaika pambali kuti awatsegule, ndipo masabata anayi anuwo akhoza kusanduka asanu ndi atatu.